Kodi njira ya gofu imayambira pati?

Akuluakulu odziwa zamasewera, ndithandizeni. Ine ndimakhala ku Waterfalls, kumwera kwa mzinda wa Harare, ndipo makolo anga anachokera ku Nyasalande kudzagwira ntchito kuno. Gofu sindinasewerepo. Koma mwana wa mlongo wanga amanyamula zikwama za osewera gofu pa bwalo lina m'tauni muno, ndipo wandiuza kuti, "Amalume, ine ndikufuna gofu akhale ntchito yanga." Wandifotokozera mmene chaka cha osewera chimayendera, ndipo ndatsala ndi mafunso.

Loyamba ndi ili: zimatheka bwanji munthu kugwira ntchito masiku awiri n'kubwerera kwawo opanda kanthu? Akuti mpikisano waukulu umatenga masiku 4, tsiku lililonse maenje 18, onse pamodzi 72, ndipo wopambana ndi amene wamenya kampirako kochepa kuposa anzake. Pamenepo ndamva. Koma akuti pakatha masiku awiri amadula mzere, ndipo onse amene ali pansi pa mzerewo amanyamula ndodo zawo n'kumapita, osalandira ngakhale khobidi. Chonsecho ulendo analipira yekha, pogona analipira yekha, womunyamulira chikwama naye akudikira zake. Wampira wamiyendo timu yake ikagonja amayembekezabe malipiro pakutha pa mwezi. Nanga uyu akadulidwa milungu itatu yotsatizana, kunyumba adya chiyani?

Funso lachiwiri ndi la malo. Mipikisano ikuluikulu ya kuno kumwera kwa Africa ili pansi pa Sunshine Tour, ndipo yambiri imachitikira ku South Africa. Kwathu kuno imabwera sabata imodzi, nthawi ya Zimbabwe Open pa Royal Harare Golf Club, kalabu yomwe inayamba mu 1898. Ngakhale mpikisano umenewo unaima kwa zaka zingapo, n'kudzabwerera mu 2010. Kuti munthu aloledwe kusewera chaka chonse amafunika chiphaso, ndipo chiphasocho chimapezeka popambana mipikisano yoyesera, kapena pochita bwino mu Big Easy Tour. Iyi ndi mipikisano ya ongoyamba kumene, yomwe inakhazikitsidwa mu 2011 n'kupatsidwa dzina lotchulira katswiri wa gofu Ernie Els. Amene akhala pamwamba pakutha pa chaka amakwezedwa kupita ku Sunshine Tour, ndipo ochita bwino kumeneko amatha kukafika mpaka ku mipikisano ya ku Ulaya.

Zimenezi n'zabwino, ndipo sindikuzinyoza. Koma mipikisano ya ongoyambayi yambiri imachitikira cha ku Johannesburg ndi Pretoria. Ndiye kuti mnyamata wa ku Waterfalls ayenera kukwera basi pa Mbudzi, kuwoloka pa Beitbridge, kupeza pogona ku Joni kwa miyezi, n'kumalipira zonse ndi randi pomwe mphoto zake n'zochepa. Kodi makwerero amene phazi lake loyamba lili tsidya la Limpopo, mwana wa munthu wosauka angawakwere bwanji?

Funso lachitatu limandiwawa kwambiri. Dziko lino silinasowepo luso. Nick Price anakulira mu Harare momwe muno, ndipo mu 1994 anapambana Open Championship ndi PGA Championship n'kukhala woyamba padziko lonse. Panalinso Mark McNulty ndi Tony Johnstone, ndipo masiku ano kuli Scott Vincent amene anaimira Zimbabwe pa masewera a Olimpiki ku Tokyo. Ndiye panali Lewis Chitengwa, mwana wakuda wa mu Harare. Mu 1992 anagonjetsa Tiger Woods pa mpikisano wa achinyamata wa Orange Bowl ku America, ndipo mu 1993 anakhala munthu wakuda woyamba kupambana South African Amateur. Anamwalira mu 2001 ku Canada ali ndi zaka 26, akusewera mipikisano ya kumeneko pofuna kukwera.

Chitengwa anasonyeza kuti zimatheka. Nanga n'chifukwa chiyani, patapita zaka zoposa 30, ana a ku Mbare, Highfield, Glen Norah ndi Waterfalls amalowabe m'mabwalo a gofu ambiri mwa iwo atasenza chikwama cha munthu wina? Anyamata amenewa amadziwa kumene udzu wapendekera, amadziwa mphepo, ndiwo amauza bwana ndodo yoti atenge. Nzeru ali nazo. Chimene alibe ndi ndodo zawozawo, nthawi yoyeserera pa bwalo, ndi ndalama ya chaka chimodzi choti alakwitse, adulidwe, aphunzire, n'kubwereranso.

Choncho funso langa lomaliza likupita kwa makalabu, kwa makampani amene amaika mayina awo pa Zimbabwe Open, ndi kwa oyendetsa gofu m'dziko lino. Mphoto yaikulu ya sabata imodzi kawirikawiri imapita ndi alendo. Kodi pa ndalama zonsezo sipangapatulidwe zoyendetsera mipikisano ing'onoing'ono mwezi ndi mwezi kuno kwathu, ku Harare, ku Bulawayo, ku Mutare, yoti wopambana apatsidwe ulendo ndi pogona kwa chaka chake choyamba ku South Africa? Ngati pali chifukwa chomwe zimenezi sizingatheke, ndiuzeni momveka, kuti nanenso ndikamuuze mwana wa mlongo wanga zoona.