Malo Opanda Munthu pa Bawo la ku Ndirande

Lachiwiri lapitali ndinapita kukasoketsa thalauza kwa telala wina amene amasokera pakhonde la sitolo kumunsi kwa msika wa Ndirande. Anandiuza kuti ndidikire, ndiye ndinakhala pa benchi. Pafupi pomwepo, pansi pa mtengo wa mango, pali bawo limene limasonkhanitsa anthu dzuwa likapendeka: anyamata a kabaza, bambo wogulitsa makala ndi madala angapo opuma ntchito. Tsikulo nkhomo zinkagwa mwaulesi, chifukwa nkhani inali pa mnzawo wina amene sanaonekeko kwa masiku asanu ndi atatu.

“Ameneyo walowerera basi,” anatero mnyamata wina. “Ndalama ya abwana a njinga anaidyetsa kandege pafoni, kenako anakatenga katapila. Akubisala.”

“Kapena am’chita chipongwe kumudzi,” anatero wa makala.

Mayi wogulitsa mandasi, amene anali chete nthawi yonseyi, anavundikira beseni lake n’kutembenuka. “Inu achimwene, munthuyo ndi neba wanga. Akazi ake anapita kwawo ku Thyolo. Sakusamba, sakudya, masana amadzitsekera m’nyumba, usiku ndimamva akuyendayenda pakhomo. Dzulo ndinam’patsa moni, anangondiyang’ana ngati sandidziwa. Inu mumasewera naye tsiku ndi tsiku, wapitako ndani?”

Palibe anayankha. Mnyamata uja anangoti, “Mwamuna salira, amayi. Alimba yekha.”

Apa makina a telala anaima. Ndi bambo wa imvi, wosalankhulalankhula, koma anavula magalasi n’kunena kuti mawu amenewo ndi amene akutha amuna m’dziko muno. Anafotokoza kuti mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa khoma la nyumba yake n’kutenga anthu amene ankawadziwa, anatha miyezi tulo tisakubwera. Mvula ikangoyamba kugunda malata, mtima unkathamanga, thukuta lili kamukamu. Anayamba kumwa kachasu kuti agone. Tulo tinkabwera msanga ndithu, koma cha m’ma 2 koloko usiku ankadzidzimuka, maganizo atachuluka kuposa dzulo lake.

“Ndiye munachira bwanji, madala?” anafunsa wa makala.

“Pang’onopang’ono. Akazi anga ananditengera ku Gulupu, kumene kuli madokotala a matenda a maganizo. Anandimvetsera, anandipatsa mankhwala kwa kanthawi. Koma zambiri zinali za pakhomo. Ndimagona nthawi imodzimodzi, ndimadzuka nthawi imodzimodzi, ngakhale Lamlungu. Foni imagona pabalaza, osati kumutu kwa bedi. Tiyi ndinasiya kumwa madzulo, kachasu ndinatsanzikana naye. Makinawa ndimawatsegula ngakhale kulibe kasitomala, chifukwa kukhala m’nyumba ndi kumene kunkandidya. Lachitatu ndimapita kukwaya. Ndipo chikandivuta ndimanena, sindisunganso m’mimba.”

Ndinamvetsera mosamala chifukwa zimene ananenazo ndi zomwenso akatswiri amalangiza, kungoti iye anazinena m’chinenero cha pakhonde. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kwa wa mu ofesi amene amachoka pampando n’kukwera minibasi, langizo limeneli ndi lofunika kwambiri. Koma wopalasa kabaza kapena mayi wosenza mtolo wa nkhuni amakwanitsa mphindi zimenezo tsiku limodzi. Chimene anthu athu ambiri akusowa ndi tulo ndi khutu lowamvera. Munthu wamkulu amafunika kugona maola asanu ndi awiri kapena kuposerapo, koma mnyamata wa njinga yamoto amaweruka 11 koloko usiku, n’kukhalanso pafoni kuyembekeza kuti kubetcha kumubwezera zimene waluza, 4 koloko ali kale pa siteji. Mutu wotere ukakumana ndi ngongole, kanthu kakang’ono kamaoneka ngati phiri la Mulanje.

Mdala wina wa chipewa, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Harare ndipo ana ake adakali ku Mbare, analowererapo. Anati kumeneko matendawa amawatchula kuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira muyeso, ndipo kuli agogo aakazi amene amakhala pa mabenchi panja pa zipatala zing’onozing’ono, ntchito yawo kumvetsera anthu. Zimene ankanenazo ndi zoona. Ntchitoyo imatchedwa Friendship Bench, ndipo anaiyambitsa ndi dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda, ku Mbare komweko, mu 2006. Agogowo amaphunzitsidwa kuthandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi loti ayambire, n’kupeza chochita pa limenelo. Amakumana naye maulendo ngati asanu ndi limodzi. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti anthu okhala pa benchiyo ankapeza bwino kuposa olandira chithandizo cha masiku onse.

“Ndiye benchi ife tili nayo kale,” anatero mdalayo akumenya thabwa limene anakhalira. “Koma timakambapo za Bullets ndi Manoma basi. Munthu akati mutu wanga sukugwira, timamuseka.”

Mawu amenewo anandikhudza. Bawo ngati limeneli, kwaya, banki mkhonde, mpira wa Loweruka, kuchezerana pamaliro, zonsezi zimasunga mitu ya anthu ambiri osadziwa. Munthu amene ali ndi malo oti akapanda kufika anzake amafunsa, ali ndi chuma. Koma kufunsa kwake kusamathere pansi pa mtengo. Munthu wovutika maganizo amayamba wadzipatula, ndipo nthawi imene akufunikira anzake kwambiri ndi imenenso alibe mphamvu zowafunafuna. Woyenera kunyamuka ndi amene ali bwino.

Mnyamata uja anali atafewa tsopano. “Nanga tikakafika tikanene chiyani? Ine ndalama yomubwezera katapila ndilibe.”

“Sakufuna ndalama yako lero,” anatero mayi wa mandasi. “Kakhale naye pansi. Usakam’lalikire, usakam’dzudzule. Mutengere chakudya, mudyere limodzi.”

Telala anawonjezera kuti amufunse mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Ena anadzidzimuka, ati kufunsa choncho n’kumupatsa nzeru yoipa. Iye anakana, ndipo ankanena zoona: kufunsa sikudzala maganizowo mwa munthu, kumam’tsegulira pakamwa. Akavomera, asasiyidwe yekha, chingwe ndi mankhwala a mbewu zichotsedwe m’nyumba, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chisoni chimene chadutsa masabata awiri, munthu osadya, osagona, osafuna chilichonse, ndi matenda ofunika dokotala ngati malungo. Thandizo lilipo ku Gulupu, ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo poyambira ndi chipatala chilichonse cha boma chimene muli nacho pafupi.

Thalauza langa linatha kusokedwa, koma ndinakhalabe. Wa makala anatola nkhomo n’kuziika m’kathumba, bawo analitsamiritsa ku mtengo. Mayi uja anakulunga mandasi anayi m’pepala osalipiritsa. Anthu atatu ananyamuka kulowera kumtunda, mdala wa chipewa ali patsogolo.

Ndinadutsanso pamalopo Lachisanu. Telala anandiuza kuti anamutengera mnzawo uja kuchipatala Lachitatu m’mawa, ndipo anzake agawana masiku ogona kunyumba kwake. Mnzawoyo anali pa benchi, wowonda, atavala malaya ochapa. Sankasewera, ankangoonerera, kapu ya thobwa ili m’manja.