Mawu a Akuluakulu ndi Ndodo Yaitali ya Tetris

Mwambi uja woti mawu a akuluakulu akoma akagonera ine ndimaukayikira. Ndimaganiza kuti anaupeka ndi mkulu wina amene anapanikizidwa pa mkangano ndi mwana wake, ndiye posowa poyankhira anangoti, "Iwe dikira, udzandimvetsa chaka chamawa." Ndi mwambi wochenjera, sungaugwire bodza. Mawuwo akakoma, mkulu uja amati ndinanena ine. Akapanda kukoma, amati sanagonere mokwanira.

Koma ana a ku America andisokoneza mutu. Pa 21 Disembala 2023, mnyamata wa zaka 13, Willis Gibson, wa ku Stillwater ku Oklahoma, anakhala m'chipinda mwake n'kuyamba kusewera Tetris ya pa makina akale a Nintendo, gemu imene inatuluka mu 1989, kutatsala zaka zoposa 20 kuti iye abadwe. Anasewera mphindi 38. Atafika pa levulo 157, sikirini inangouma gwa! Sikuti mwanayo anagonja ayi, makinawo ndi amene anakweza manja. Kwa zaka 34 aliyense wosewera gemu imeneyi ankathera pogonja, ndipo uyu anali munthu woyamba kuithamangitsa mpaka kukomoka. Pa vidiyo yake akuoneka atagwira mutu, akupuma wefuwefu, kwinaku akudandaula kuti zala zachita dzanzi. Wowerenga nkhani wina pa wailesi ya kanema ku Britain anamulangiza kuti atuluke panja akapitidwe mphepo, chifukwa kugonjetsa Tetris si cholinga cha moyo. Amenewonso ndi mawu a akuluakulu. Tiwasiye agonere, tidzawalawa.

Chimene chikundisowetsa tulo ine n'chakuti mwana wobadwira m'nthawi ya PlayStation, wozolowera magemu oti wosewera mpira amachita kuoneka thukuta pamphumi, akufunanji pa timabokosi togwa kuchokera kumwamba?

Mkulu amene anayambitsa zimenezi sanali mkulu n'komwe. Alexey Pajitnov anali asanakwanitse zaka 30 pamene anapanga Tetris ku Moscow mu 1984, pa malo a boma a kafukufuku wa makompyuta a Soviet Academy of Sciences, kumene anamulemba ntchito ina, osati yotayitsa anthu nthawi. Kompyuta yake, Electronika 60, sinkatha kujambula chithunzi, moti timabokosito ankatipanga ndi zizindikiro zolembera. Nzeruyo anaitenga ku masewero a patebulo otchedwa pentomino, a zidutswa 12 za timabokosi tisanutisanu. Anaona kuti zachuluka, nachotsa kabokosi kamodzi pa chilichonse, zidutswa n'kutsala 7. Mnyamata wina wa zaka 16, Vadim Gerasimov, anaisamutsira pa makompyuta a IBM, ndipo inafalikira mu Moscow pa madisiki, wina kupatsira mnzake. Itayamba kugulitsidwa kunja, ndalama zinkapita ku boma. Mwiniwake anayamba kulandira zake mu 1996. Apa ndiye mwambi unapherezera: mawu a Pajitnov anagonera zaka 12 asanamukomere iye mwini, dziko lonse likunyambita zala.

Malamulo ake mungawalembe pa chikhatho. Zidutswa zimagwera m'chitsime cha timabokosi 10 m'mimba mwake, 20 kuya kwake. Mumazitembenuza, n'kuzisunthira kumanja kapena kumanzere. Mzere ukadzaza umasowa. Mulu ukafika kudenga, kwanu kwatha. Palibe mfumukazi yoti mukaipulumutse, palibe mfuti, palibe nkhani.

Ife kuno sitinafunike wotiphunzitsa, chifukwa kondakitala wa minibasi amasewera Tetris kuyambira m'bandakucha. Amangoponya diso pa munthu amene akubwera poteropo n'kudziwiratu pomulowetsa. Bambo wamtali amamutembenuza cham'mbali. Mayi wa beseni la usipa amamupinda mwendo kuti thumba la chimanga lilowe pansi. Mwana wasukulu ndi kachidutswa kotsekera mpata. Ngakhale nambala ndi yomweyo: anayi-anayi. Kusiyana kwake n'kwakuti mu Tetris mzere ukadzaza umasowa mwakachetechete, pamene mu minibasi mzere ukadzaza umakhala pompo, n'kumadandaula mpaka mu tauni.

Ambirife Tetris tinaidziwira pa ka Brick Game kaja, ka mabatire awiri, kolembedwa kuti muli magemu 9999, amene ukawawerenga bwinobwino unkapeza kuti ndi ochepa chabe ongosinthana mayunifomu. Kanga ndinakapeza m'katoni ya mabuku akale, tsiku lina magetsi atazima, mwana wa mchemwali wanga akuyendayenda m'nyumba mosowa mtendere. Gemu yake ya pafoni inali itakana kutseguka. Inkafuna apudeti, apudeti inkafuna bandulo, bandulo inkafuna mayi ake, ndipo mayi ake sankafuna kumva chilichonse. Ndinachotsa mabatire mu tochi n'kumupatsa kachipangizoko.

Anakatembenuza uku ndi uku, atakwinya mphuno. "Amalume, kodi kameneka ndi kalikuleta?"

Sindinamuyankhe. Anadina batani, kanalira ndi kamawu kake ka udzudzu kaja, chidutswa choyamba n'kuyamba kutsika. Sanafunse funso lina. Posakhalitsa lilime linali panja, ndipo chidutswa chikamapita kumanja, phewa lake linkapita nacho. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti, popanda womuuza, anayamba kusiya mpata umodzi woongoka m'mphepete, kudikirira ndodo yaitali ija yofafaniza mizere inayi nthawi imodzi. Ndodoyo sinabwere. Kunabwera zokhotakhota, zinanso zokhotakhota, mulu ukukwera. Akatswiri a gemuyi nthawi yotereyi amaitcha chilala, ndipo aliyense amene anaiona amadziwa kuti ndodoyo imabwera ukangotopa n'kutseka mpata uja ndi chidutswa cholakwika. Zinateronso. "Aaa, amalume, chimenechi chikuchita dala!" Mayi ake anamuitana kuti adzadye, iye n'kumangoti ndikubwera, mpaka nsima inauma pamwamba.

Ndikuona kuti chinsinsi cha magemu akale amene akukomabe chagona pamenepa. Anapangidwa pa nthawi imene katiriji ya gemu ikatuluka m'fakitale, palibe amene akanaitsatira kuti akaikonze. Zinkafunika kuti ikhale yomalizidwa. Malo analinso ochepa, ndiye chilichonse chosafunika chinkatayidwa. Super Mario Bros. ya 1985 yonse ndi makilobaiti 40, pamene chithunzi chimodzi cha ukwati chimene azakhali anu anakutumizirani pa WhatsApp chimaposa pamenepo. Koma Shigeru Miyamoto ndi anzake anakonza levulo yoyamba mwakuti imakuphunzitsa yokha popanda chilembo: kachilombo kakubwera, ukapanda kudumpha wafa, waphunzira. Lero kuli magemu opitirira magigabaiti 100, amene amayamba ndi kukufunsa imelo, kenako tsiku lobadwa, kenako amakuonetsa kanema wautali wa agogo a munthu amene sunayambe n'komwe kumuyendetsa. Ena mwa iwo ndi abwino zedi, sindikutsutsa. Koma ambiri a pafoni ndi mashopu ovala zovala za gemu. Tetris ikanapangidwa ndi anthu amenewa, chilala chikafika bwenzi pakutuluka uthenga woti ndodo yaitali ilipo, ingolipirani, kapena muonere kaye malonda a sopo.

Tetris yakale sigulitsa ndodo. Mwana wa bwana ndi mwana wa mlonda amadikira mofanana. Ilinso ndi nkhanza ina imene ine ndimailemekeza: zonse zimene wachita bwino zimasowa, chotsala pa sikirini ndi zolakwa zako zokha, zitaunjikana, zikukuyang'ana. Munthu wa zaka zanga akamaona zimenezi sachedwa kuleka kuseka. Komabe mpata umene unautsekera pansi umatha kufukulidwa, mzere umodziumodzi, ngati suchita phuma. Ana amaphunzira zimenezo mwachangu kuposa ife, mwina chifukwa sataya nthawi kulira kuti ndinaikiranji chidutswa chija pamenepo.

Musandimve molakwa, si chakale chilichonse chimakoma. Mu 1982 kampani ya Atari inatulutsa gemu ya E.T., imene wopanga wake anangopatsidwa milungu isanu yokha kuti ithe Khirisimasi isanafike. Osewera ankangogwera m'maenje. Chaka chotsatira bizinesi ya magemu ku America itagwa, makatiriji ambirimbiri a kampaniyi, kuphatikizapo a E.T., anakwiriridwa kudzala ku Alamogordo, New Mexico. Kugonera kwenikweni ndi kumeneku, pansi pa nthaka, zaka zoposa 30. Mu Epulo 2014 anawafukula makamera akujambula, ndipo anthu anawagula pa mitengo yokwera. Koma ankagula nkhaniyo, kuti aziika pa shelefu. Gemuyo inali ikadali yomweyo ya maenje.

Tibwerere ku Tetris, chifukwa sindinathane nayo. Akuluakulu a gemu ya Nintendo ija nawonso anali ndi mawu awo. Ankati levulo 29 ndiye malire a dziko. Pamenepo chidutswa chimatsika kuchoka pamwamba mpaka pansi m'gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, ndipo ukangogwira batani osalisiya monga ankachitira iwo, chidutswa chimafika pansi chisanafike m'mphepete. Anali ndi umboni, anali ndi masamu, anali ndi zaka. Mu 2010 anayambitsa mpikisano wa dziko lonse, Classic Tetris World Championship, ndipo munthu mmodzi, Jonas Neubauer, anaupambana kasanu ndi kawiri. Mavidiyo a mipikisanoyo anaikidwa pa YouTube, n'kugona kumeneko.

Amene anawadzutsa ndi ana. Mmodzi mwa iwo, Joseph Saelee, anawaonera, nakasaka makina akale aja, nayamba kunjenjemeretsa chala pa batani kangapo pa sekondi m'malo moligwira. Mu 2018 ku Portland, ali ndi zaka 16, anagonjetsa Jonas m'ndime yomaliza. Patapita zaka zochepa, wosewera wina wodziwika kuti Cheez anatulukira zina: chala chimodzi chimagona pa batani osadina, ndipo zala za dzanja linalo zimaimba ng'oma kunsi kwa padi yosewerera gemu, kotero kuti padiyo ndi imene imadzigunditsa ku chala, nthawi zoposa 20 pa sekondi. Ena amavala gulovu kuti zala zizitsetsereka, ena amatsamiritsa padi pa bondo kapena paphazi. Ukawaona ungaganize kuti akukanda mphaka kumimba. Malire a dziko aja anangosanduka polowera. Kupitirira levulo 138 mitundu imayamba kusokonekera, ndipo pali malevulo ena akuda bii oti zidutswa sizioneka bwino, chifukwa amene analemba pulogalamuyo sanalote kuti munthu adzapondako. Ana aja analoweza ndi mdima womwewo.

Tangoganizani: ana amenewa amasakasaka ma TV akale a chimsana chachikulu aja, amene ife tinawataya kapena kuwasandutsa poikapo maluwa apulasitiki, chifukwa amaonetsa chithunzi mosachedwa ukangodina batani. TV yopyapyala imene munaigula pangongole ija kwa iwo ndi yaulesi.

Ndiye mwambiwu waona kapena wanama? Chimene mkulu anapanga ndi manja chinakoma chitagonera. Chimene akuluakulu ananena, choti apa sipadutsika, chinasasa. Mwambiwu sunenanso kuti mawuwo adzakomera ndani, ndipo ndikukayika ngati amene anaupeka ankayembekezera kuti wodzawamva kukoma adzakhala mwana womulanda mpando.

Jonas anakulandira bwino kulandidwa mpandoko. Atagonja mu 2018 anamuyamikira mnyamatayo pamaso pa anthu, iye akumwetulira, mwanayo akugwetsa misozi. Anapitiriza kuphunzitsa ena pa intaneti mmene amaunjikira zidutswa, podziwa kuti akunola mipeni yodzamucheka yekha. Anamwalira mwadzidzidzi mu Januwale 2021 ali ndi zaka 39, ndipo chikho cha mpikisanowo tsopano chimatchedwa dzina lake, chopangidwa ngati chidutswa chooneka ngati chilembo cha J. Naye Willis Gibson chipambano chake chija anachipereka kwa bambo ake, amene anali atangomwalira mwezi womwewo. Ndikamaganiza za akuluakulu athu ena amene mwana akawaposa amayamba kufunsa kuti kodi ameneyu ndi mwana wa yani, ndimaona kuti mpikisano wa timabokosi uli ndi mwambo woposa misonkhano ina imene ndakhalapo.

Mukuganiza kuti makina atakomoka nkhani inathera pomwepo? Anthu ena anakonza gemuyo kuti isamakomoke, kuti aone chimene chili kutsogolo. Mu Okutobala 2024, Michael Artiaga wa ku Texas, wa zaka 16, amene anapambana mpikisano wa dziko lonse ali ndi zaka 13, anasewera kupitirira ola lathunthu mpaka kudutsa levulo 255, yomwe ndi yomaliza imene makinawo angathe kuwerenga. Dziko lonse la Tetris linali tcheru kuti lione mphoto yobisika kuseri kwa khoma limeneli kwa zaka 35. Gemuyo inamubwezera pa levulo 0, zidutswa zikutsika pang'onopang'ono ngati za munthu amene wangoyamba lero. Mnyamatayo anasangalala, anakhazikika bwino pampando, n'kupitiriza kusewera mpaka levulo 91.