Ulemu Woyenera Kanta Yokalamba ya ku Msoro

Pa zinthu zonse zimene zimachirikiza moyo wa anthu a ku Msoro, m'boma la Mambwe, palibe chimene chimanyozedwa mopanda chilungamo ngati kanta yokalamba, ndiye kuti lole yaing'ono ya mtundu wa Mitsubishi Canter. Galimoto imeneyi inayambira ntchito ku Japan, kumene lamulo lotchedwa shaken limakakamiza eni magalimoto kuwayezetsa pafupipafupi pa mtengo wokwera, moti ambiri amasankha kuwagulitsa kunja. Kenako inatsika sitima padoko la Dar es Salaam n'kulowa m'Zambia kudzera pa Nakonde, ndipo itatumikira mabwana angapo m'matauni, inatsetserekera m'chigwa cha Luangwa kukapumitsa ukalamba wake ponyamula thonje, chimanga, feteleza ndi anthu okhala pamwamba pa zonsezo.

Ulemerero wake waukulu uli pa nkhani ya mafuta. Dizilo yambiri ya m'Zambia imayenda makilomita 1,710 m'paipi ya TAZAMA kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, ndipo chichotsereni boma thandizo lake pa mtengo wa mafuta mu Disembala 2021, aliyense woyendetsa galimoto amadikira ndi mtima m'mwamba chilengezo cha bungwe la Energy Regulation Board. Chinthu chodula chotere sichiyenera kuthera mobisika, ndipo kanta, pozindikira zimenezi, imachionetsa kwa mudzi wonse ngati utsi wakuda. Amakaniko amanena kuti utsiwo ndi dizilo yosapsa bwino, imene imatuluka pamene sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi kapena pamene mainjekita, timipopi topopera mafuta m'injini, aperepeseka, ndipo amalangiza kusintha sefayo nthawi yake ikakwana; koma amaiwala kuti popanda utsi umenewu, wodikira pamsewu sangadziwe kuti galimoto ikubwera ikadali kutali.

Njira zake zosungira mafuta n'zozama kwambiri. Popeza batire inafa kalekale, injini siizimitsidwa pamene katundu akupakiridwa, ndipo ngakhale akatswiri amati injini yolira galimoto itaima imamwa mafuta osapita kulikonse, mwini kanta amayankha kuti kuliza n'kotchipa kuposa kupempha amuna oikankha. Matayala ake amakhala ndi mpweya wochepa, zimene zimawonjezera kukhuzana kwa tayala ndi msewu n'kulemetsa injini, komabe pamchenga kufewa kumeneku kumathandizadi, moti kusasamala kumasanduka luso. Potsika kuchokera kumtunda kwa Katete, dalaivala amachotsa giya kuti galimoto iziyenda ndi kulemera kwake, ndipo madontho a dizilo amene wapulumutsa amalipiridwa ndi mabuleki, amene amatentha n'kufooka chifukwa injini siikuwathandizanso kugwira liwiro. Apaulendo, amene mitima yawo imatembenukira kwa Mulungu panthawiyo, amapindula mwauzimu. Pokwera chitunda onse amatsika n'kutsatira wapansi, wina atanyamula mwala wotsekera tayala. Apa kanta imasunga mwambo wakale wa malowo, pakuti m'masiku a Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican wochokera ku Nyasaland amene anayambitsa mishoni ya Msoro n'kumwalirira komweko mu 1913, ulendo wa m'chigwamo unali wa miyendo.

Mphunzitsi kapena namwino amene wasonkha ndalama zogulira galimoto yogwirapo kale ntchito amakopeka ndi Toyota Vitz kapena Toyota Aqua, imene ndi haibulidi, kutanthauza kuti injini ya petulo imathandizana ndi mota ya magetsi. Pa phula la Great East Road magalimoto amenewa amamwa mafuta pang'ono zedi, ndipo palibe angatsutse. Koma mimba zawo zili pafupi ndi nthaka, ndipo mvula ikagwa, mtsinje wa Lupande n'kudzaza, dothi lakuda la m'chigwa n'kusanduka phala, kusamwa mafuta kwawo kumafika pachimake, pakuti sachoka n'komwe pakhomo. Batire ya haibulidi ikafooka, makaniko wa pansi pa mtengo alibe pogwira, pamene kanta amaidzutsa ndi sipanala, waya ndi lamba wodula ku chubu chakale, zotsalazo n'kuitanitsa ku Chipata. Land Cruiser ikanathetsa mkangano wonsewu, koma mtengo wake ndi wa mabungwe ndi eni malo ogona alendo ku Mfuwe.

Choncho wofuna kugula galimoto ku Msoro ayenera kuyamba waona kutalika kwa mimba yake, mtundu wa utsi wake ndi kumene zipangizo zake zimapezeka, asanafunse za malita. Pa mayeso atatuwa kanta yokalamba imalephera a utsi okha, ndipo m'chigwa muno kukhoza awiri n'kokwanira kuipatsa mpando.