Wamkulu ndani, kakowa kapena ndere?

Ku Elephant Marsh, kumunsi kwa mtsinje wa Shire, kumapezeka kakowa wamkulu kuposa akakowa onse padziko, amene m'mabuku amamutcha Goliath. Akaimirira amafika mita imodzi ndi theka, ndipo mapiko ake akawatambasula amatha kupitirira mamita 2. Amaima chilili m'madzi kwa nthawi yaitali, kenako n'kubaya nsomba ndi mlomo wake wautali.

M'madzi omwewo muli kanthu ka mtundu wa ndere kotchedwa dayatomu, kamene simungakaone popanda maikulosikopu. Kali ndi selo imodzi yokha. Chigoba chake n'cha silika, yemwe amapangira galasi, ndipo chili ndi mbali ziwiri zolowana ngati mbale ndi chivundikiro chake.

Odziwa andithandize: pa awiriwa wamkulu ndani?

Ndikufunsa chifukwa kakowa amadya nsomba. Nanga nsombazo zimadya chiyani? Chambo chimasefa madzi n'kumeza tindere timeneti. Usipa umadya tizilombo ta m'madzi timene timakhuta ndere zomwezo. Nanga kandereko kamadya yani? Palibe. Kamadzipangira kokha chakudya ndi dzuwa, madzi ndi mpweya. Ndiye pakati pa wodyetsa ndi wodyetsedwa, ulemu upite kwa yani?

Mwera ukaomba m'miyezi yozizira, umavundula nyanja ya Malawi, chonde cha m'madzi akuya chimakwera pamwamba, madayatomu n'kuchulukana. Kodi ndiye kuti ndiwo zathu, komanso chakudya cha mbalame zodya nsomba, zimayambira pa mphepo?

China chikundizunguza mutu. Mu 2005 akatswiri anaboola matope a pansi pa nyanjayi. Zigoba za madayatomu zimene anazipeza m'matopemo zinawathandiza kudziwa kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo madzi a nyanjayi anaphwa kwambiri chifukwa cha chilala. Kanthu kosaoneka ndi maso kangasunge bwanji mbiri yakale chotere, pamene mbalame yaikulu ikafa nthenga zake zimaola osasiya umboni?

Akakowa akachepa timazindikira, chifukwa amaoneka. Koma tikadula mitengo n'kulima mpaka m'mphepete mwa mitsinje, dothi lokokoloka limadetsa madzi n'kutchinga dzuwa. Pamenepo ndani amaona kuti ndere zikuvutika? Tingati timakonda mbalame ndi nsomba ngati madzi amene amazidyetsa sitiwasamala?