Mfuti Ikakana Kulira, Pezani Womunamizira

Mwabisala kumunda kuyambira madzulo, udzudzu wakumalizani, ndipo nguluwe ija yatulukira m'chimanga. Mwaloza, mwakhethemula. Khe! Basi. Nguluwe yakuyang'anani kamodzi n'kupitiriza kudya. Musade nkhawa achimwene, mlenje salakwa. Ntchito yatsala ndi yopeza womunamizira.

Yambani ndi mayi akunyumba. Makolo ankati mwamuna akapita ku uzimba mkazi asayendeyende, ndiye mlandu ulipo kale, ungofuna woukhalira. Ngati simunakwatire, pali amalume. Ngati amalume anatisiya, nguluweyo ndi yokhwima, mwinanso si nguluwe n'komwe koma mkulu uja munalimbirana naye malire.

Kuli anthu ena otopetsa amene amati mfuti ikangoti khe, muilozetsebe kumene kulibe munthu, mudikire masekondi 30 musanatsegule bolt, chitsulo chotsekera chipolopolo m'mfuti, poti onga wakale nthawi zina umayaka mochedwa. Mlenje weniweni alibe nthawi imeneyo. Amatembenuza mfuti n'kusuzumira mumpope kuti aone chikuchedwetsa chipolopolo n'chiyani. Yankho limabwera msanga ndithu, kungoti amene amakalimva ndi akwaya ndi adzukulu okumba manda.

Mukatulutsa chipolopolocho, chiponyeni kuthengo musanachione kumatako, chifukwa kumeneko kuli kazitape. Pakatikati pali kabatani kotchedwa primer, ndipo m'kati mwa bolt muli kamsomali, firing pin, kamene sipuling'i imakakankha kuti kagogode kabataniko. Kakagogoda kamasiya chidindo, ndipo chidindocho chilibe chinsinsi. Chikazama bwino koma osalira, wolakwa ndi chipolopolo: chinanyowa kapena chinamwa oyilo. Zoterezi sizingachitikire inu, amene zanu mwazisunga bwinobwino m'chitini kudenga lodontha kuyambira nthawi ya chitaganya. Chidindo chikakhala chosazama, ngati pamene khanda lakanda ndi chikhadabo, kamsomali kafika kotopa. Chikasoweratu, n'kutheka nsonga yake inathyoka kalekale. Nsongayo imangotuluka pafupifupi mamilimita 1.5, choncho ikabenthuka pang'ono, mwatsala ndi ndodo yokongola.

Nanga kamsomali kangatope bwanji mfuti mumaikonda chonchi? Ndiye pitirizani kuikonda. Ithireni oyilo wakuda wotsala m'chigayo, muwonjezere girisi wa ngolo mpaka bolt izitafuna ngati ikudya chingamu. Fumbi la mu Okutobala lilowe, chisanu cha ku Dedza cha mu Juni chidzaumitse, ndipo sipuling'i izikankha kamsomali ngati munthu wopalasa njinga m'matope. Kunja kokha muzipukuta mpaka thabwa liziwala, anthu aziyamikira. Chikomekome cha mkuyu. Wina akakuuzani kuti mumasule bolt, muitsuke, muiumitse n'kungodonthezamo oyilo wopepuka pang'ono, ameneyo ndi wanjiru.

Mfuti yanu ikakhala Lee-Enfield .303, yofanana ndi zimene agogo athu a King's African Rifles ananyamula ku Burma mu 1944, musalole aliyense anene kuti sipuling'i yake yakalamba. Agogowo mawondo anatha, koma sipuling'i ayi, imeneyo ndi yachizungu.

Chogwirira cha bolt musamachitsitse mpaka pansi. Chisiyeni m'malere, kuti mphamvu yokagogoda primer ithere pochitsekera, kenaka mukafunse sing'anga.

Tsiku lina mfuti idzalira koma mwamanyazi, kungoti phu, phewa osamva kanthu. Anthu otopetsa aja amati apo chipolopolo chatsakamira mumpope, muchotse bolt, muone ngati kuwala kukudutsa. Inu tumizani chachiwiri chikakankhe chinzake. Mpope udzatseguka ngati nthochi yosenda, ndipo zala zotsalazo n'zokwanira kudyera nsima.

Zikavutitsitsa, kwa mmisiri wa mfuti musapiteko, angayambe kufunsa za chiphaso cha kupolisi. Pitani kwa mnyamata wowotcherera njinga pamsika akusulireni kamsomali kuchokera ku sipoko. Akatalikitseko pang'ono kuti kagogode mwamphamvu. Kadzaboola primer, mpweya wamoto udzabwerera kumaso, ndipo nsidze simudzavutikanso kumeta.

Pofika apa nguluwe yamaliza mizere itatu ndipo yapita kukaitana abale ake. Nyamulani mfuti mubwerere kunyumba, mukagogode mwaukali, mufunse mayi kuti anali kuti.