Maso a Nkhono m'Sitolo ya Chokoleti

Akuluakulu amene anati kuona maso a nkhono n'kudekha anali ataionetsetsa nkhonoyo. Maso ake amakhala kunsonga kwa tinyanga tiwiri titalititali, ndipo ukangoikhudza imatibweza m'kati n'kukusiya ukuyang'ana chigoba. Wofuna kuwaona amayenera kunjuta pambali, kutseka pakamwa n'kudikira. Chimene akuluakuluwo sanachilote n'chakuti tsiku lina kudekha kudzakhala ndi sitolo yake, mtengo wake, ndi wogulitsa wake wovala epuloni.

Masitolo otere afika m'mizinda yambiri. Ku Cape Town, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito m'malesitilanti ndi m'nyumba za anthu, kuli Honest Chocolate pa Wale Street. Iwo ndi anzawo a ntchito yomweyi amagula njere za koko, kuzikazinga, kuzipera ndi kuumba okha chokoleti pang'onopang'ono, osati kungosungunula chopangidwa kale kufakitale. Pa pepala lokulungira amalemba dziko limene kokoyo anachokera ndi nambala yonga 70%, kutanthauza kuti magawo 70 pa 100 alionse ndi koko, ndipo otsalawo ambiri ndi shuga.

Tsono alowe m'sitolo yotere bambo amene chokoleti anachidziwira pa Dairy Milk ya pa Khirisimasi. Choyamba kuwadabwitsa ndi mtengo, umene umaposa kangapo wa chokoleti cha m'supamaketi. Chachiwiri ndi kachidutswa kolawa, kamene sikaposa chikhadabo. Chachitatu, chimene chimapweteka kwambiri, ndi malamulo. Wogulitsa amawapempha mwaulemu kuti ayambe akayang'ana kaye ngati kakunyezimira. Kenako akathyole pafupi ndi khutu kuti amve kakuti thyo! Kenako akanunkhize. Akatero ndiye akaike palilime, atseke pakamwa, akavumate, ndipo asatafune.

Asatafune! Mano amene anaphunzira ntchito pa nzimbe ndi chimanga chokazinga samva lamulo lotere. Wogulitsa asanamalize chiganizo, kachidutswa kaja kakukutidwa kale ndipo katsika kukhosi. Nkhope ya bambo aja imachita tsinya ngati ya mwana amene wamwetsedwa kwinini, ndipo mumtima amayamba kuwerengera ndalama zimene apulumutsa posagula.

Komatu wogulitsayo sakuchita matama chabe. Mafuta a koko amasungunuka pa madigiri pafupifupi 34, pomwe thupi la munthu limatentha madigiri 37. Chokoleti chikakhala palilime, mafutawo amasungunuka pang'onopang'ono n'kumamasula fungo ndi kakomedwe motsatizana: kuwawa, kuwawasa, kutsekemera ndi zina zobisika. Wotafuna amakumana ndi woyamba yekhayo pamzere, n'kuchoka ena asanatulukire. Waigwedeza nkhono, ndipo akudandaula kuti ilibe maso.

Kudekha kwa mphindi imodzi kumene kasitomala amalephera n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi kumene ena anachita kale m'malo mwake. Mtengo wa koko umatenga zaka zitatu mpaka zisanu kuti uyambe kubereka. Maluwa ake amamera pathunthu penipeni, ndipo amene amanyamula mungu si njuchi koma tintchentche ting'onoting'ono tosaoneka bwino ndi maso. Chipatso chimakhwima pakatha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo m'kati mwake mumapezeka njere za pakati pa 30 ndi 50 zokutidwa ndi zoyera zoterera. Njere yaiwisi siikoma n'komwe. Alimi amazivundika m'mabokosi a matabwa kapena pamulu wofunditsidwa ndi masamba a nthochi kwa masiku asanu mpaka asanu ndi awiri, akumazitembenuza, kenako n'kuziyanika padzuwa sabata ina. Wothamangira kuvundukula msanga amawononga zonse, ndipo palibe katswiri wa mumzinda amene angabwezeretse kakomedwe kamene kanatayika pamenepo. Ntchito imeneyi si yakutali monga ena amaganizira: kungowoloka mtsinje wa Songwe kuchokera ku Karonga, m'boma la Kyela ku Tanzania, koko ndi mbewu yogulitsa ya mabanja ambiri.

Njere zikafika kwa wopanga, kudikira kumayambiranso. Amazikazinga, kuziswa, kupeta mankhusu, n'kuziika pa mphero za miyala zoyendera magetsi. Ambiri mwa opanga ang'onoang'ono anayambira pa timakina ta m'khitchini za ku India, topangidwira kupera mpunga ndi mphodza. Miyalayo imazungulira masiku awiri kapena atatu osapuma, mpaka lilime lisamvenso mchenga.

Nzeru yotakasa chokoleti nthawi yaitali inachokera kwa Rodolphe Lindt wa mumzinda wa Bern ku Switzerland mu 1879. Chisanafike chaka chimenecho, chokoleti chodya chinali chokhakhala, chofuna mano ndithu, moti bambo athu aja akanakhala katswiri wa nthawi imeneyo. Nthano imene imakambidwa kawirikawiri imati Lindt anasiya makina akuyenda Lachisanu n'kupita kukapuma, ndipo pobwera Lolemba anapeza chokoleti chasalala. Ngati zinalidi choncho, ndiye kuti mwambi wa nkhono uli ndi mphwake amene akuluakulu anachita naye manyazi kumutchula: nthawi zina woiwala amaoneka ngati wodekha.

Gawo lomaliza ndi limene limabala kunyezimira ndi kulira kwa thyo kuja. Mafuta a koko akamauma amatha kugwirana m'njira zisanu ndi imodzi, ndipo wopanga amafuna yachisanu yokha. Kuti aipeze amatenthetsa chokoleti kupitirira madigiri 45, kuchiziziritsa kufika cha m'ma 27, n'kuchikwezanso pang'ono kufika pa 31 kapena 32. Akaphonya, chimatuluka chotuwa ndi chofumbutuka, ndipo amayambiranso.

Pali chinthu chimodzi chimene okonda mwambiwu satchula. Akuluakulu analonjeza kuti wodekha adzaona maso a nkhono, koma sananene kuti masowo ndi okongola. Ndi timadontho tiwiri takuda, basi. M'sitolo ya chokoleti namonso muli zoona ndi zisudzo, zosakanikirana. Zoona n'zakuti koko wa m'chigwa cha Sambirano ku Madagascar amawawasadi mwa zipatso, ndipo ngakhale mlendo amene walawa koyamba amamusiyanitsa ndi wa ku Ecuador akangolola kuti asungunuke. Zisudzo zimayamba pamene olawa atseka maso n'kuyamba kupikisana. Wina akuti wamva fodya, wina chikopa, wina dothi la mvula yoyamba. Palibe angawatsutse, poti lilime lilibe mboni. Ndipo pali chokoleti cha 100%, chopanda shuga ngakhale kambewu kamodzi, chimene munthu angachivumate mpaka sitolo kutsekedwa koma n'kukhalabe chowawa. Ochigula amagwedeza mutu movomereza, misozi ili m'maso.

Za mtengo, wogulitsa ali ndi pothawira. Côte d'Ivoire ndi Ghana amalima koko woposa theka la koko yense wa padziko lapansi, ndipo nyengo yoipa ndi matenda a mitengo zitachepetsa zokolola kumeneko, mtengo wa tani imodzi pamsika wa ku New York unadutsa madola 10,000 mu Malichi 2024, umene panthawiyo unali wokwera kuposa kale lonse. M'mayiko awiriwa boma ndi limene limaika mtengo wogulira kwa mlimi, choncho phindu la kukwerako linachedwa kufika kumudzi. Mlimi anauzidwanso kuti adekhe, iye amene anali atadekha kale zaka zisanu.

Vuto lenileni limadza bambo aja akatembenuka mtima. Alawa kachiwiri, avumata, amva kuwawasa kuja kukubwera, ndipo aganiza zogulira akumudzi kuti nawonso aone. Chokoleti chimalowa m'chikwama pakati pa bulangeti ndi nsapato za ana, n'kukwera basi ya ku Blantyre kudzera ku Johannesburg. Pa Beitbridge basi imaima maola ambiri. Imadutsa Harare, imaimanso pa Nyamapanda, kenako imatsikira ku Tete, kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Chinthu chosungunuka pa madigiri 34 chilibe mawu m'dera limenelo. Chimasanduka phala, chimaumanso usiku, ndipo mafuta aja amagwirana m'njira imene afuna okha. Pofika pa Mwanza, ntchito yonse ya wopanga uja yafafanizika.

Kunyumba pepala limatsegulidwa anthu atazungulira. Chokoleti chatuwa, chili ndi mawanga oyera. Ndi mafuta chabe amene akwera pamwamba ndipo sichinawonongeke, koma azakhali agamula kale kuti chachita chuku, ndipo akufunsa ngati ku Joni kunalibe cha bwino. Bambo aja akuyesa kufotokoza za kuyang'ana, kuthyola ndi kununkhiza. Adzukulu amvetsera mwaulemu, alandira ndi manja awiri, akukuta kamodzi n'kuthamangira kumtsuko kukamwa madzi, ndipo wamng'ono pa onse wabwerera kudzafunsa ngati agogo abweretsanso masiwiti.