Tiiombere M'manja Pulogalamu ya Ulendo wa ku Ulaya

Anthu akabwerako ku Ulaya amatama zosayenera kutamidwa. Wina sagona nayo tulo nsanja ya Eiffel, wina sitima zothamanga, wina chokoleti cha ku Belgium chimene anagula pabwalo la ndege ndi timayuro totsala. Sindinamvepo ndi mmodzi yemwe akuthokoza kapepala kamene kankamudzutsa tambala woyamba asanalire, kankamuuza nthawi yodya ndi nthawi yosiya kudya, mpaka kumubweza kwawo mapazi atatupa koma mtima uli m'malo. Kapepalako ndi pulogalamu ya ulendo. Popeza kalibe pakamwa, ndaimirira ine kuti ndikalankhulire.

Tiyambe ndi kubadwa kwake, chifukwa si kwa chisawawa. Pulogalamu imabadwa mwa lamulo. Wa pasipoti ya Malawi, kaya akukhala ku Area 25 kaya ku Leicester, salowa ku France kapena ku Italy popanda viza ya Schengen, dzina la kamudzi ka ku Luxembourg komwe mayiko asanu anasainirana pangano lochotsa zipata za m'malire mu 1985. Lero mayiko ake alipo 29, ndipo Britain mulibemo. Kumeneko n'kwa viza yakeyake. A ku ofesi ya kazembe amafuna mayuro 90, omwe sabwerera ngakhale akukaneni. Amafuna inshulansi yokwana mayuro 30,000, masitetimenti a kubanki, kalata ya kuntchito, ndiponso umboni wa komwe mukagone usiku uliwonse. Munthu amene sadziwa chimene adye mawa pakhomo pake amapezeka akulumbira kuti pa 14 August, miyezi itatu ikubwerayo, adzagona pa msewu wakuti mumzinda wa Lyon. Kodi pali chinanso chimene chinasandutsapo munthu wamba kukhala mlosi mwachangu chotere?

Palinso kalamulo kena kokoma. Viza mumapempha ku dziko limene mukakhaleko masiku ambiri, ndipo masiku akafanana, ku dziko limene mukayambe kulowera. Apa pulogalamu imaphunzitsa masamu kuposa aphunzitsi anu onse a kusekondale. Mumachotsa usiku umodzi ku Rome n'kuuika ku Paris, kenako n'kuubweza, osati chifukwa mtima wafuna, koma chifukwa ofesi ina yatha malo mpaka mwezi wa mawa.

Chachikulu chimene ndimaikondera ndi mtima wake wosakana. Ili ngati kondakitala wa minibasi: pampando pakhale podzaza bwanji, iye amaonabe malo a wina mmodzi. Mukatambasula mapu a kumadzulo kwa Ulaya, mayiko amaoneka othithikana, ndipo sitima zimavomereza bodzalo. Kuchoka ku London kufika ku Paris, kudzera pansi pa nyanja mu ngalande imene inatsegulidwa mu 1994, ndi maola awiri ndi mphindi pang'ono. Paris kufika Brussels sipakwana ola ndi theka. Brussels kufika Amsterdam, maola awiri. Ndiye pulogalamu imanong'oneza kuti, mwafika kale apa, Cologne mumusiyirenji? Nanga Luxembourg, komwe kuyambira mu 2020 mabasi ndi sitima n'zaulere? Mumalemba. Pofika pakati pa usiku muli ndi mayiko asanu ndi awiri m'masiku khumi, ndipo mukudzimva kuti mwabera Azungu.

Tisaiwale kumene yatichotsa. Zaka za m'ma 1700, ana a anthu olemera a ku England ankanyamuka ulendo wokaona Paris, kudumpha mapiri a Alps, n'kutsikira ku Venice, Florence, Rome ndi Naples. Ankatha miyezi, ena zaka, ali ndi mphunzitsi pambali, kuphunzira zinenero ndi kuyang'anitsitsa zosema. Kuwononga nthawi kotani! Mpulumutsi anali Thomas Cook, mlaliki wa Baptist wodana ndi mowa, amene mu July 1841 anakweza sitima anthu pafupifupi 500 kuchoka ku Leicester kupita ku Loughborough kumsonkhano wolimbikitsa kusamwa, aliyense atalipira sheleni imodzi. Anapita n'kubwerako tsiku lomwelo. Pofika 1855 anali atayamba kuwolotsa magulu a anthu kupita nawo kumtunda wa Ulaya. Kampani ya dzina lake inagwa mu 2019, koma nzeru yake yoti munthu angathe kuona dziko ali ndi wotchi m'manja idakali moyo, ndipo lero aliyense ndi Thomas Cook wa banja lake.

Kuti muone ukulu wa pulogalamu, itsatireni ku Louvre ku Paris. M'nyumba imeneyi muli zinthu pafupifupi 35,000 zoikidwa poonekera. Mutati chilichonse muchipatse mphindi imodzi yokha, mungathe masiku 24 osagona, osadya, osapita kokadzithandiza. Munthu wopanda pulogalamu akalowamo amasokonezeka, amaima pa chithunzi chimene palibe anamuuza kuti aimepo, mwinanso n'kuchikonda. Wa pulogalamu ngozi imeneyi siimugwera. Iye wapatsidwa ola limodzi ndi theka, ndipo akudziwa chimene wadzera. Amadutsa zosema za Agiriki osacheuka, amatsata timivi ta pakhoma, mpaka kulowa m'chipinda chachikulu chodzaza anthu. Kutsogolo kuli zingwe zokhotakhota, alonda akukuwa kuti tiyeni tiyeni, manja mazana ali m'mwamba ndi mafoni. Kumapeto kwenikweni, kuseri kwa galasi losabowoka ndi chipolopolo, kuli mayi uja, Mona Lisa, pa kathabwa ka masentimita 77 m'litali ndi 53 m'lifupi. Mukafika pa chingwe mumachita chimene aliyense amachita: mumamufulatira, n'kukweza foni, n'kumwetulira. Mwamuona pa sikirini, kuseri kwa khutu lanu lamanzere. Kumbuyo kwa khamulo, pakhoma loyang'anizana naye, pali chithunzi cha ukwati wa ku Kana chojambulidwa ndi Veronese, chachikulu kuposa zonse m'nyumbamo, pafupifupi mamita 10 m'mbali. Sichili pa pulogalamu, ndiye sichikuvutitsani.

Ena amati kumeneku si kuona. Ine ndimawakumbutsa za 1911, pamene Vincenzo Peruggia anaba chithunzi cha Mona Lisa n'kukhala nacho zaka ziwiri. Anthu a ku Paris anakhamukira ku Louvre kukayang'ana pakhoma pamene chinali. Anadziwa kalekale chimene pulogalamu imadziwa, kuti chachikulu n'kufikapo.

Ndipo pulogalamu ilibe tsankho pakati pa chenicheni ndi chofanizira. Ku Brussels imakutsogolerani m'timisewu tonunkhira mawafo mpaka pakona pamene khamu laima, mukuyembekeza chimphona. Mumapeza kamnyamata kamkuwa kosapitirira masentimita 60, kakutaya madzi popanda manyazi. Ameneyo ndi Manneken Pis, ndipo amene mukumujambulayo ndi wongoimira; mwini wake wa 1619 anasungidwa m'nyumba ya zakale pa Grand-Place. David wa Michelangelo amene waima pabwalo ku Florence nayenso ndi wongoimira, weniweni analowetsedwa mu Accademia mu 1873. Pulogalamu imachonga basi, ndipo kunyumba palibe adzafunse. Ku Pisa ndiye imachita zodabwitsa: anthu akuluakulu, madokotala ndi akulu a mpingo, ataima pa kapinga manja ali m'malere, kukankha mphepo, mkazi akukuwa kuti sunthirani kumanja pang'ono, tsitsani chigongono. Nsanja yopendekeka ya kumeneko imene inayamba kumangidwa mu 1173 yaona zambiri, koma sindikhulupirira kuti amisiri ake analota ulemu woterewu.

Amisiri a ku Ulaya anali anthu ozengereza, tinene zoona. Tchalitchi chachikulu cha ku Cologne anachiyamba mu 1248 n'kuchimaliza mu 1880. Mwamwayi chili pakhomo penipeni pa siteshoni, kotero pulogalamu imachikwanitsa m'mphindi 20 zosinthira sitima. Michelangelo anatha zaka zinayi, 1508 mpaka 1512, khosi lili chagada pa denga la Sistine Chapel. Ife timalimaliza tisanameze malovu kawiri, ndipo tikadafulumira kuposa apo akadalola kujambula.

Tsono pali khalidwe lina limene atsogoleri athu akadaphunzirako. Pulogalamu silakwa. Mukafika pa Louvre Lachiwiri n'kupeza potseka, wolakwa ndinu, chifukwa imatseka Lachiwiri lililonse. Mukati ndiye ndisinthe, Lolemba ndipite ku Versailles kapena ku Musée d'Orsay, nakonso Lolemba n'kotseka. Nyumba za zakale za ku Vatican sizitsegula Lamulungu, kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi pomwe kulowa n'kwaulere ndipo mzere wake umazungulira khoma la dziko lonselo. Matikiti a nyumba ya Anne Frank ku Amsterdam amagulidwa pa intaneti pokha, ndipo amatha milungu isanakwane. Munda wa maluwa wa Keukenhof umatsegula milungu isanu ndi itatu yokha, kuyambira March mpaka May. Wobwera mu August akaone mpanda. Ku Germany masitolo amatseka Lamulungu. Ku Spain mukafuna mgonero 6 koloko madzulo, ophika amakhala asanafike n'komwe. Onjezani sitalaka: mu February 2024 nsanja ya Eiffel inakhala yotseka masiku angapo antchito atanyanyala, ndipo mu June 2025 antchito a ku Louvre anakana kutsegula zitseko ponena kuti alendo achuluka mopyola muyeso. Pa zonsezi, kapepala kaja kamakhala phee m'thumba, koyera, kopanda banga, kakunenabe kuti 9 koloko muli mkati.

Imasamaliranso thumba lanu, ngakhale m'njira yakeyake. Imakupezerani ndege ya mayuro ochepa kuchoka ku "Paris", osakuuzani msanga kuti bwalo lake ndi Beauvais, makilomita oposa 80 kunja kwa mzinda, kapena kuti Hahn, amene amatchulidwa pamodzi ndi Frankfurt, ali makilomita oposa 100 kuchokera ku Frankfurt. Ndege imanyamuka mbandakucha. Ndiye 3 koloko usiku banja lili mumsewu wa miyala, sutikesi ikulira gudugudu, gudumu limodzi litathyoka kale ku Amsterdam, anthu a m'nyumba zam'mwamba akutsegula mawindo.

"Bambo a ana, kodi tili dziko liti?"

"Dikirani ndione papepala. Lero n'Lachisanu, ndiye kuti ndi France."

"Nanga dzulo tinadya nsomba zija kuti?"

"Zimenezo tikaona pa zithunzi tikafika."

Banja limene limatha mwezi osacheza pakhomo, pano likukambirana nkhani zakuya pakati pa usiku. Pabwalo la ndege sutikesi imapezeka yonenepa kuposa kabokosi koyezera, n'kulipitsidwa ndalama yoposa tikiti ya mwini wake. Sutikesi nayo yakwezedwa udindo.

Ndikudziwa kuti pali otsutsa. Amabwera ndi miyambi m'kamwa: ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, kuona maso a nkhono n'kudekha. Amati khalani mzinda umodzi sabata yathunthu, mudziwe wogulitsa buledi wa pakona, mukhale pabenchi m'mbali mwa mtsinje wa Seine muzingoyang'ana madzi. Ndikuti, madzi? Munthu wavutika kusaka mayuro, wadinditsa zala, wakhala usiku pabwalo la ndege ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, kuti akayang'ane madzi? Ndipo nkhonoyo akaiona maso, akaika chiyani pa WhatsApp? Wodekhayo amabwera ndi nkhani ya nkhalamba ina imene anacheza nayo m'kalesitilanti, nkhani imene alamu ake amayamba kuyasamula isanafike pakati. Wa pulogalamu amabwera ndi timaginito tisanu ndi tiwiri ta pafiriji, dziko lililonse kake, umboni wogwirika ndi manja.

Eni mizinda nawonso ayamba kuilemekeza. Venice, kuyambira pa 25 April 2024, inayamba kulipiritsa mayuro 5 pa masiku ena kwa alendo ongobwera m'mawa n'kuchoka madzulo, omwe ndi ana enieni a pulogalamu. Sachita kulipiritsa chinthu chopanda pake. Ku Barcelona, mu July chaka chomwecho, anthu ochita zionetsero anapopera alendo madzi ndi timfuti ta ana. Manyuzipepala anati n'kukwiya. Koma aliyense amene anathamangapo kuchoka ku Sagrada Família kupita ku Park Güell masana a July adziwa kuti kumeneko kunali kuchereza.

Pamapeto pake munthu amatsika pa Kamuzu International Airport kapena pa Chileka atachepa thupi, mawondo akunjenjemera, osatha kusiyanitsa Brussels ndi Cologne, akufunika sabata ina yopumulira ku tchuthi chakecho. Akuntchito amamuyang'ana ndi nsanje, iye amagona pa desiki. Nsapato zatha, sutikesi yatha, akaunti yatha. Chokhacho chimene chabwera chamoyo, ndi mizere yonse yochongedwa, ndi kapepala kaja.

Choncho inu amene mukulemba yanu usiku uno, yang'anani bwino Lachinayi masana. Ndikuona pali mpata wa maola atatu umene mwalembapo kuti "kupuma". Fufutani zimenezo, achimwene. Bruges ali ola limodzi lokha kuchokera ku Brussels. Muikenipo.